Kupulinta pa Linux mitundu osasokonekera: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene anthu amakonda kufunsa akangoyamba kupulinta zithunzi kapena ntchito za dizayini pa Linux, ndipo zambiri zikugwiranso pa FreeBSD ndi anzake chifukwa mapulogalamu ake ndi omwewo.

Pa sikirini chithunzi chili bwinobwino koma ndikapulinta chikutuluka chakuda, mitundu yofwifwa. Ndi Linux ikulakwitsa eti?

Nthawi zambiri ayi, vuto limeneli aliyense amakumana nalo kaya ali pa Windows kaya pa macOS. Sikirini imatulutsa kuwala yokha, imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, pomwe pepala lilibe kuwala kwake, limangobweza kuwala kwa mchipinda momwe mwakhalamo, inki ija ntchito yake nkumeza mbali ina ya kuwalako. Nde pali mitundu ina, monga buluu wowala kwambiri uja kapena girini wa nyezinyezi, imene sikirini imaonetsa mosavuta koma inki singaikwanitse olo mutatani.

Koma za kuda zija, kawirikawiri wolakwa ndi sikirini yanuyo. Masikirini ambiri amachoka ku fakitale atawalitsidwa kwambiri kuti azikopa maso, inu nkumakonza chithunzi pa sikirini yothobwa mmaso choncho, mukuona ngati chawala mokwanira pomwe manambala ake mkatimo ndi akuda. Anthu opulinta zithunzi amatsitsa kuwala kwa sikirini kufika pakati pa 80 ndi 120 cd/m², umene ndi muyeso wa kuwala kwa sikirini. Tsiku loyamba imaoneka ngati yazima, koma maso amazolowera msanga, ndipo kusintha kokhaku kumathetsa madandaulo ambiri musanagule chilichonse.

ICC profile imene aliyense akuitchulayi ndi chani kwenikweni?

Mu fayilo ya chithunzi mulibe mitundu, muli manambala basi. 255, 0, 0 akutanthauza kuti "tsegula zofiira zonse", koma kufiira kwake kotani zimatengera chipangizo chimene chalandira manambalawo, sikirini iyi ifiira mwina, inayo mwina, pulinta nayo mwake. Pulofayilo ndi kafayilo, kothera .icc kapena .icm, kamene kamafotokoza kuti pa chipangizo chakutichakuti manambala akutiakuti amatulutsa mtundu uti weniweni umene diso la munthu limaona. Mtundu weniweniwo umalembedwa mu miyeso ya mitundu yotchedwa CIE XYZ ya 1931 kapena CIELAB ya 1976 (mwachidule Lab), poyerekeza ndi kuwala koyera ngati kwa masana kotchedwa D50. Ndiye pulogalamu imatenga manambala a chithunzi, kudutsa mu pulofayilo ya chithunzicho kupita ku Lab, kenako kuchoka ku Lab kudutsa mu pulofayilo ya pulinta kuti ipeze manambala atsopano amene atulutse mtundu womwewo pa pepala.

Dongosololi linakhazikitsidwa ndi International Color Consortium (ICC) imene inayamba mu 1993, makampani asanu ndi atatu kuphatikizapo Adobe, Apple, Kodak, Microsoft ndi Agfa. Ubwino wake ndi woti kalembedwe ka fayiloyo ndi kapoyera, aliyense akhoza kulemba pulogalamu yoiwerenga, nchifukwa chake Linux sinatsalire. Mudzaona v2 ndi v4, v4 inabwera mu 2001, koma musavutike nazo, v2 ikugwirabe ntchito paliponse ndipo ArgyllCMS imapanga v2.

Nanga pa Linux amene amayendetsa zimenezi ndani? Pa Mac ndimamva za ColorSync.

Palibe mmodzi, ndi gulu, ndipo apa mpamene anthu amasokonekera chifukwa aliyense ali ndi kagawo kake. Little CMS ya Marti Maria, imene inayamba cha mu 1998, ndi imene imachita masamu osintha mitundu, ili mkati mwa GIMP, Krita, Scribus, darktable, Ghostscript ndi ena ambirimbiri, inu simuiona koma ikugwira. ArgyllCMS ya Graeme Gill ndi yoyezera ndi kupanga mapulofayilo, ndipo kunena mosapsatira ndi yabwino kuposa mapulogalamu ena ogulitsa. colord ya Richard Hughes ndi kalaliki, imasunga kuti sikirini iyi ipite ndi pulofayilo iyi, pulinta iyi ndi iyi, koma payokha sisintha mtundu uliwonse, imangoyankha ikafunsidwa. Kenako pali CUPS imene imanyamula ntchito yanu kupita ku pulinta, inalembedwa ndi Michael Sweet, Apple inaigula mu 2007, pano ya Linux ikusamalidwa ndi OpenPrinting. Pakati pa CUPS ndi pulinta pali cups-filters, Ghostscript, ndi dalaiva ngati Gutenprint kapena HPLIP.

Mwaona kutalika kwa mzerewo? Paliponse pamenepo wina akhoza kugwira mitundu yanu osakuuzani. Luso lonse la nkhani imeneyi nkudziwa kuti kusintha kwa mitundu kukuchitikira pati, ndikuonetsetsa kuti kukuchitika kamodzi kokha.

Ndiyambe ndi sikirini kapena pulinta?

Sikirini. Ngati sikirini ikunama ndiye kuti zonse zimene mukukonza pa chithunzi mukukonza potsatira bodza, pulinta olo ikhale yolondola chotani idzangotulutsa bodzalo mokhulupirika.

Pali ntchito ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Yoyamba ndi calibration, kusintha khalidwe la sikiriniyo, kuwala kwake, kuyera kwake, gamma yake (mmene kuwala kumakwerera kuchoka ku kuda kupita ku kuyera) imene ambiri amaika pa 2.2. Yachiwiri ndi kuyeza mmene ikuonetsera mitundu ikatha kukonzedwako nkulemba mu pulofayilo. Yoyamba ija imakhudza chilichonse cha pa sikirini chifukwa imalowetsedwa mu khadi la vidiyo, yachiwiri imathandiza mapulogalamu okhawo amene amawerenga pulofayilo. Mufunika kachipangizo kotchedwa colorimeter kopachika pa sikirini, monga i1Display Pro kapena Spyder, ndi pulogalamu ya DisplayCAL imene ndi nkhope chabe ya ArgyllCMS. DisplayCAL yoyambirira ya Florian Höch inatsalira pa Python 2, ndiye fufuzani imene anthu ena anaisamutsira ku Python 3, ndi imene ili mma distro ambiri pano. Za kuyera, D65 (pafupifupi 6500K, nambala ya K ikamatsika kuyera kumapendekera ku chikasu) ndi poyambira pabwino, ena amatsikira ku D50 kapena pakati cha ku 5800K kuti ifanane ndi pepala, yesani muone chimene chikugwirizana ndi pepala lanu pansi pa nyali yanu.

Sindingangokonza ndi maso?

Kuwala kokha mukhoza, ikani pepala loyera pambali pa sikirini yoyera nkutsitsa mpaka zifanane. Mitundu ayi. Diso limazolowera chilichonse pakangopita mphindi zochepa, sikirini yopendekera ku buluu imayamba kuoneka yoyera bwinobwino.

Mafayilo a pulofayilo ndiziika pati?

Anu okha mu ~/.local/share/icc, a aliyense wa pa kompyutayo mu /usr/share/color/icc. Mapulogalamu ena akale amayang'anabe mu ~/.color/icc. Pa GNOME pitani ku Settings kenako Color, pa KDE Plasma 6 pulofayilo ya sikirini imasankhidwa mmasetingi a sikirini momwemo. Okonda terminal, colormgr get-devices ikuonetsani zipangizo zimene colord ikuzidziwa ndi mapulofayilo ake.

Kampani yopanga pepala ili ndi pulofayilo yaulere ya pulinta yanga. Ndingoitenga?

Fayiloyo itseguka, Linux iiwerenga popanda chovuta, koma kuti ikupatsani mitundu yolondola ndi nkhani ina. Pulofayilo ya pulinta sifotokoza pulinta yokha. Imafotokoza pulinta, inki, pepala, dalaiva, ndi masetingi onse a dalaivayo pa tsiku limene ankayeza, zonse pamodzi. Kampani ija inayeza pogwiritsa ntchito dalaiva wa Epson kapena Canon wa pa Windows kapena macOS, ndipo dalaiva ameneyo ali ndi njira yakeyake yogawira inki, kuchuluka kwa inki pa pepala lonyezimira, nthawi yoyambira kuthira yakuda, kamwazidwe ka timadontho. Gutenprint, imene kale inkatchedwa Gimp-Print, inalembedwa payokha ndi anthu ena, imayendetsa pulinta yomweyo koma mwa njira ina. Nde mukatenga pulofayilo ya dalaiva uja nkuiika pa dalaiva uyu zotsatira zake ndi mwayi chabe, mwina ziyandikira mwina nkhope za anthu zituluka zobiriwira.

Ndipo lamulo lomweli likukukhudzani inunso mukapanga pulofayilo yanu. Mwasintha pepala kuchoka lonyezimira kupita losanyezimira, pulofayilo ina. Mwagula inki ya kampani ina yotchipa, pulofayilo ina. Mwasintha kuchoka pa 1440 dpi kupita pa 720, kapena mwasankha dzina lina la pepala mu dalaiva, mwasintha kale chipangizocho. Lembani masetingi onse penapake, kapena pangani pulinta yachiwiri mu CUPS yokhala ndi masetingi okhazikika a pepala limenelo, muipatse dzina la pepalalo kuti musamaiwale. CUPS imalola pulinta imodzi kukhala ndi mayina angapo, tsegulani localhost:631 mu bulawuza muone.

Amene sakufuna mutu wonsewu pali TurboPrint, dalaiva wogulitsa wochokera ku Germany, amabwera ndi mapulofayilo akeake opangidwira dalaivayo. Si open source, ndiye zili kwa inu.

Pulinta yanga ili ndi inki ya CMYK (cyan, magenta, yachikasu ndi yakuda), ndiye ndisinthe chithunzi chikhale CMYK ndisanapulinte?

Ayi ndithu, musatero. Pulinta za inkjet za pa desiki, ngakhale zili ndi inki zinayi kapena zisanu ndi zitatu, dalaiva wake amayembekezera RGB, manambala a zofiira, zobiriwira ndi buluu aja, ndipo amagawa yekha inki. Mukamupatsa CMYK nthawi zambiri amaibweza ku RGB kaye kenako nkuigawanso, mwataya mitundu kawiri popanda phindu. Pulofayilo ya pulinta yotere imakhalanso ya RGB. CMYK isungireni ntchito yopita ku makina akuluakulu osindikizira, kapena ngati mukugwiritsa RIP (pulogalamu yapadera yoyendetsa pulinta mmalo mwa dalaiva wamba), kapena mukuyendetsa Gutenprint mwa CMYK mwadala ndipo mukudziwa za malire a inki.

Chabwino, pulofayilo yanga ndingaipange bwanji?

Apa colorimeter ya sikirini ija siithandiza, mufunika spectrophotometer imene ili ndi nyali yake yowunikira pepala, monga i1Pro, ColorMunki Photo kapena i1Studio. Zakale zogula kwa munthu zimagwira bwino ndi Argyll. Ntchito yake ili mmagawo anayi ndipo gawo lililonse lili ndi kapulogalamu kake.

targen imasankha mitundu yoti iyezedwe, -d2 kutanthauza pulinta ya RGB, -f nkuika chiwerengero cha timabokosi ta mitunduyo. Timabokosi mazana angapo tikhoza kukwanira poyambira, koma tikachuluka kupitirira 1000 pulofayilo imasalala bwino makamaka mmalo otuwa ndi akuda. printtarg imatiyala timabokosito pa pepala molingana ndi kachipangizo kanu, -ii1 ya i1Pro, -iCM ya ColorMunki, -pA4 kukula kwa pepala, -t kuti itulutse TIFF. Mukapulinta tchaticho musathamangire kuyeza, chisiyeni chiume mpaka mawa lake chifukwa inki imasintha mtundu ikamauma, makamaka ya dye. Kenako chartread, mumayendetsa kachipangizo mzere ndi mzere, ikalira kuti mwathamanga mubwereze mzerewo, ikani mapepala ena oyera a mtundu womwewo pansi pake kuti mtundu wa tebulo usaonekere. Pomaliza colprof imapanga fayilo ya .icc, ndipo musaiwale -S ndi pulofayilo ya kumene zithunzi zanu zimachokera monga sRGB kapena Adobe RGB, popanda imeneyo perceptual yanu ikhala yongotchula dzina, sichita chosiyana ndi colorimetric (ziwirizi tazifotokoza pansipa).

colprof ikamaliza imakuuzani Delta E, kutalikirana kwa mtundu woyezedwa ndi umene pulofayilo ikulosera. Avereji ikakhala cha pa 1 kapena kutsika zili bwino. Mukaona kabokosi kamodzi kali ndi nambala yaikulu modabwitsa ndiye kuti mzere wina munauwerenga molakwika, bwererani mukauyezenso, osangopitiriza.

Gawo lovuta pa zonsezi si malamulo a mu terminal, ndi kupulinta tchaticho popanda wina aliyense kuchikhudza mitundu, ndipo ndi funso lotsatirali.

Ndingadziwe bwanji kuti palibe akusintha mitundu mseri?

Apa mpamene Linux imavutadi, tisabise. Tchati chija chilibe pulofayilo mwadala, manambala ake akuyenera kufika kwa dalaiva momwe alili. Koma mukachitsegula mu GIMP ikhoza kuchitenga ngati sRGB, mukadina Print chimasanduka PDF, PDF ija imadutsa mu cups-filters ndi Ghostscript imene kuyambira 9.00 ya 2010 imachita zonse kudzera mu ICC, colord nayo ikhoza kupereka pulofayilo imene inangopangidwa yokha pomwe munkaika pulinta, kenako dalaiva ali ndi zokometsera zake.

Njira imene ndimaikhulupirira ine ndi iyi. Mu Gutenprint ikani Color Correction pa Uncorrected ndipo zina zonse za mitundu, kuwala, contrast, saturation, zisiyeni pomwe zinali. Mu colord onetsetsani kuti pulintayo ilibe pulofayilo yoyatsidwa, GNOME imalola kuzimitsa color management ya chipangizo chimodzi, cups-filters nayo ili ndi cm-calibration yopangidwira ntchito yomweyi. Ndiye chofunika kwambiri, njira imene mwapulintira tchati ikhale njira yomweyo imene muzipulintira zithunzi mpaka kale, pulogalamu yomweyo, masetingi omwewo. Ngakhale patakhala kusintha kwina kobisika panjira, ngati kukuchitika mofanana nthawi zonse pulofayilo imakumeza nkukhala mbali ya chipangizocho. Chimene chimapha ndi kupulinta tchati ndi lp kenako zithunzi ndi pulogalamu ina yodutsa njira ina.

Pulofayilo ikatheka muigwiritse malo amodzi basi. Kaya mu pulogalamu, monga gawo la print la darktable pomwe mumasankha pulofayilo ya pulinta ndi intent (perceptual kapena colorimetric) pompo, kaya musinthiretu fayilo ndi cctiff ya Argyll kapena tificc ya Little CMS nkutumiza zotulukazo ngati mmene munatumizira tchati, kaya muipereke kwa colord kuti CUPS izichita yokha. Mukaika kuwiri, pulogalamu yasintha kenako CUPS yasinthanso, chithunzi chimatuluka chakuda chopendekera ku pinki kapena girini, ndipo munthu amayamba kutukwana pulofayilo yosalakwa. Ine ndimakonda kusinthira mu pulogalamu chifukwa pamenepo ndikuona ndi maso chimene chikuchitika, za mkati mwa mafyuluta zimatha kusintha ndi apudeti imodzi inu osadziwa.

Pulinta yanga inangodziika yokha popanda dalaiva. Pamenepa zikhala bwanji?

Imeneyo ndi driverless, IPP Everywhere kapena AirPrint, ndipo ndi kumene CUPS ikulowera, mafayilo a PPD ofotokoza zimene pulinta imatha akusiyidwa ndipo madalaiva akale akusamukira mu zimene akuzitcha Printer Applications. Kwa munthu wopulinta makalata ndi zabwino zedi. Kompyuta imatumiza sRGB, pulinta imasintha yokha mkati mwake ndi matebulo a kampani, ndipo pa pepala la kampani yomweyo ndi inki yake zotsatira zimakhala zabwino ndithu. Vuto ndi loti pulinta zambiri sizikupatsani pozimitsira kusinthako. Mukhozabe kupanga pulofayilo pamwamba pake, ikonza kupendekera kwa mitundu, koma simungadutse malire a sRGB ngakhale inki yanu ikanatha kufika patali, makamaka ku ma cyan ndi obiriwira. Ngati pulinta yanu ili pa mndandanda wa Gutenprint ndipo mukufuna kufinya zonse zimene ingathe, iikeni kachiwiri ndi dalaiva ameneyo.

Perceptual, relative colorimetric, zimenezi ndisankhe iti?

Funso lake ndi loti mitundu imene pulinta singaikwanitse tiitani. Relative colorimetric imasiya mitundu yotheka momwe ilili, yosathekayo nkuikankhira pa malire, ndiye ngati duwa lofiira linali ndi kufiira kusanu kosiyana kunja kwa malire konse kumasanduka kumodzi, tsatanetsatane watha. Perceptual imapanikiza chithunzi chonse pang'ono kuti zonse zilowe, mitundu imasuntha pang'ono koma kusiyana kwake kumatsala. Chithunzi chopanda mitundu yolusa, relative ndi black point compensation (yofananitsa kuda kwa chithunzi ndi kuda kumene pepala lingathe) yoyatsa. Chithunzi cha maluwa, zovala zowala, dzuwa likulowa, yesani perceptual. Black point compensation ija musaizimitse makamaka pa pepala losanyezimira, chifukwa kuda kwa pepala limenelo sikufika patali ndipo popanda iyo zonse za mumthunzi zimangounjikana kukhala chikuda chimodzi.

Absolute colorimetric ndi ya pamene mukufuna pulinta yanu itsanzire makina ena mpaka mtundu wa pepala lawo. Saturation ndi ya ma graph, pa zithunzi isiyeni.

Soft proof imathandizadi kapena nzongotayitsa nthawi?

Imathandiza ngati sikirini ndi yoyezedwa komanso pulofayilo ya pulinta ndi yoona, kupanda apo mukungoonera kanema. Ili mu GIMP, Krita, darktable, RawTherapee ndi Scribus, mumasankha pulofayilo ya pulinta ndipo sikirini imayesa kuonetsa mmene pepala lidzaonekere, palinso gamut check imene imapaka malo amene mitundu yake yatuluka kunja. Mukangoyatsa chithunzi chimaoneka ngati chafa, musadandaule, yang'anani kumbali kanthawi kenako mubwerere. Ntchito yake nkukuchenjezani kuti buluu uyu apita ku pepo, mthunzi uwu utsekeka, kuti mukonze musanawononge pepala. Kufanana ndendende sikudzatheka.

Ndikutumiza ntchito ku kampani yosindikiza mabuku ndi mapositala. Mapulogalamu aulere angakwanitse?

Angakwanitse, koma yambani mwawafunsa kuti akufuna pulofayilo iti ndi PDF yotani, osalota. Ku Europe ndi malo ambiri otsatira ISO 12647-2 mudzamva ISO Coated v2 imene imachokera pa FOGRA39, kapena yatsopano PSO Coated v3 ya FOGRA51, ndi PSO Uncoated v3 ya FOGRA52 pa pepala losakutidwa, ndipo mapulofayilo amenewa bungwe la ECI (European Color Initiative) limawapereka ulere. Ku America ndi SWOP ndi GRACoL. Funsaninso malire a inki yonse pamodzi, ISO Coated v2 ilipo ya 330% ndi ya 300%, mukapitirira inki siuma bwino ndipo imadetsa pepala linzake.

Chida chenicheni apa ndi Scribus. Yatsani color management mu Document Setup, sankhani mapulofayilo, ndipo imatulutsa PDF/X-1a, PDF/X-3 ndi PDF/X-4. X-1a ndi CMYK yokhayokha ndi spot (inki yosakanizidwa mwapadera yokhala ndi puleti yakeyake), zonse zosinthidwa kale, pomwe X-3 ndi X-4 zimalola RGB yokhala ndi pulofayilo kuti iwo akasinthe okha, X-4 imasunganso transparency. Inkscape ndi yabwino pojambula koma PDF yake imatuluka RGB, ndiye ambiri amalowetsa SVG mu Scribus nkukonza mitundu mmenemo. Krita imatha kugwira ntchito mu CMYK mwachindunji. GIMP 3.0 imene inatuluka mu March 2025 imatha kutulutsa TIFF kapena JPEG ya CMYK potsatira pulofayilo ya soft proof, koma mkati imakonzabe mu RGB, zimene kwa zithunzi si vuto konse, kukonza mu RGB nkusintha pamapeto ndi njira yabwino kale.

Chenjerani ndi zilembo zakuda. Zikasinthidwa kuchoka ku RGB zimasanduka kuda kwa inki zonse zinayi, ndipo mapuleti akangophonyana pang'ono tizilembo tating'ono timaoneka ndi mithunzi yamitundu mmbali. Mawu akhale K 100 yokha, kutanthauza inki yakuda yokha. Ichi chimachitika kwambiri anthu akamasintha PDF yonse ndi lamulo limodzi la Ghostscript, ndiye tsegulani Print Preview ya Scribus muzimitse K muone ngati mawuwo asowa, akatsala ndiye kuti muli inki zina.

Pantone bwanji, sindikuiona mu Scribus?

Ndi nkhani ya laisensi, mndandanda wa mitundu wa Pantone ndi katundu wa kampani ndipo sungagawidwe ndi pulogalamu yaulere, ngakhale Adobe inauchotsa mmapulogalamu ake mu 2022. Koma spot colour ndi dzina chabe pa puleti. Pangani mtundu watsopano mu Scribus, chongani kuti ndi spot, lembani dzina lake ndendende ngati mmene lilili mu buku la Pantone, osindikiza adzasakaniza inki potsatira dzinalo osati mmene ukuonekera pa sikirini yanu.

Wayland yasintha chani pa nkhaniyi?

Wayland ndi dongosolo latsopano loonetsera zinthu pa sikirini limene likulowa mmalo mwa X11. Pa pulinta palibe, yasintha za sikirini. Pa X11 pulogalamu iliyonse inkadzisinthira yokha mitundu, inkawerenga pulofayilo pa _ICC_PROFILE, ndipo dispwin ya Argyll kapena colord inkalowetsa calibration mu khadi la vidiyo. Pa Wayland udindo umenewo uli ndi compositor, pulogalamu yojambula mawindo onse pa sikirini, ndipo panatenga zaka zambiri anthu akukambirana mpaka color-management-v1 inalandiridwa mu wayland-protocols mu February 2025. KDE Plasma 6 imatha kugwiritsa pulofayilo ya ICC pa sikirini yonse. Ngozi yake ndi yomwe ija ya kawiri, compositor yasintha ndipo pulogalamu ya X11 yodutsa mu XWayland nayo yasintha. Ngati compositor ikugwiritsa pulofayilo yonse, mu pulogalamu imene sidziwa za protocol yatsopanoyi pulofayilo ya sikirini ikhale sRGB. Poyeza sikirini onetsetsani kuti pulofayilo yakale ndi Night Light zazimitsidwa, ndipo ambiri amaonabe kuti kuyezera mu X11 nkosavuta ngati distro yanu ikadali nayo.

Ndapulinta usiku zinali bwino, mmawa pa windo zikuoneka zina. Pulofayilo yawonongeka?

Pulofayilo ili bwino, nyali ndi imene yasintha. Mapulofayilo amapangidwa poganiza kuti pepala muliona pansi pa D50, kuwala kwa pafupifupi 5000K, ndipo ISO 3664 ndi imene imafotokoza malo oonera amenewa. Babu la mnyumba la 2700K ndi lachikasu, ma LED otchipa ali ndi mipata mmitundu ina, ndiye mitundu iwiri yofanana pansi pa nyali iyi ikhoza kusiyana pansi pa inayo, zimaonekera kwambiri pa zithunzi za black and white zopulintidwa ndi inki zamitundu, zimapita ku girini masana ndi ku pinki usiku. Mapepala ambiri oyera kwambiri alinso ndi mankhwala owalitsa amene amameza UV nkutulutsa buluu, pa dzuwa amayera mbee, pansi pa babu lopanda UV amabwerera ku chikasu. colprof ili ndi -f yothandiza pa mankhwala amenewa ngati kachipangizo kanu kalibe sefa ya UV, komanso -i yosankhira nyali ina ngati mukudziwa kumene chithunzicho chikapachikidwe. Chosavuta ndi kugula babu la 5000K la CRI (muyeso wa mmene babu limaonetsera mitundu molondola) yopitirira 90 nkumaweruzira pamenepo nthawi zonse.

Ndilibe spectrophotometer ndipo sindigula. Nditani?

Pali anthu ndi makampani amene amakutumizirani tchati, inu mupulinte pa Linux panu ndi masetingi anu, muwatumizire pepalalo, iwo ayeze nkukubwezerani fayilo ya .icc, ndipo kwa munthu wogwiritsa pepala limodzi kapena awiri njira imeneyi ndi yanzeru kuposa kugula kachipangizo. Ingokumbukirani kuti malangizo awo opulintira tchati amakhala a Windows ndi Mac, inu tsatirani zimene tanena pamwambapa. Njira ina ndi sikana, mumaipangira pulofayilo ndi tchati cha IT8.7/2 kudzera mu scanin ya Argyll kenako nkuigwiritsa ngati choyezera, printtarg -iSS ndi -s zimakonza tchati chake, koma sikana imaona inki mosiyana ndi diso ndiye zotsatira zake nzapakatikati, nthawi zina zoipa kuposa kusachita kanthu.

Mukapanda zonsezi, sungani zithunzi mu sRGB, imene HP ndi Microsoft anapanga mu 1996 ndipo pafupifupi chipangizo chilichonse chimaiyembekezera chikapanda kuuzidwa china, onetsetsani kuti pulofayiloyo yalowa mu fayilo potulutsa, gwiritsani pepala ndi inki za kampani ya pulintayo, sankhani dzina lolondola la pepala mu dalaiva, tsitsani kuwala kwa sikirini. Chithunzi cha Adobe RGB chisinthireni ku sRGB musanachitumize, ndi Convert osati Assign, chifukwa Assign imangosintha chikwangwani manambala nkukhala omwewo ndipo mitundu ituluka yofwifwa. Kenako pulintani kachidutswa kakang'ono kaye pa theka la pepala, muone pa kuwala kwa masana, mukonze, kenako mupulinte chachikulu.